Probox, Sienta ndi Note za mayi wina wa ku Lilongwe: yodalirika inali iti?

Mayiwa adafika pa garaja yanga m'mawa wina kumayambiriro kwa 2024, atanyamula kope la sukulu long'ambika chikuto ndi jumbo yodzaza malisiti. Amuna awo anali atamwalira miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo adawasiyira galimoto zitatu zonyamula anthu: Toyota Probox, Toyota Sienta ndi Nissan Note. Malemuwo ndinkawadziwa bwino, chifukwa Probox ndi Sienta zinkabwera kwa ine kuyambira pomwe zidalowa m'dziko muno. Note adaigula mochedwa, ndipo inkakonzedwa paliponse pomwe yafera. Tsikulo n'kuti itagona kuseri kwa nyumba yawo kwa mwezi ndi masiku, osasuntha.

Adakhala pa benchi, n'kuyamba ndi kupepesa kuti andisokoneza ntchito. Kenako adati: "Bambo, ndalama yosamalira zitatu zonsezi ndilibe. Imodzi iyenera kupita. Alamu anga akuti ndichotse Nissan, akuti ndi galimoto yachabechabe, Toyota ndiye galimoto. Ndati ndimve kaye kwa inu, poti malemu ankakukhulupirirani."

Ndikadatha kuwayankha pomwepo, ndipo yankho lake likadagwirizana ndi la alamu awo. Makaniko aliyense wa ku Biwi, dera la magaraja ku Lilongwe, mukamudzutsa pakati pa usiku n'kumufunsa za Toyota ndi Nissan, ayankha asanatsegule maso. Koma apa panali pa chakudya cha ana amasiye ndi fizi yawo, ndipo ndidaona kuti kungobwereza zomwe aliyense amanena kukhala kuwalakwira. Ndidawapempha kuti andisiyire kope ndi jumbo ija, andipatse masabata awiri, komanso andilole kucheza ndi madalaivala awo iwo kulibe.

Zomwe ndimatanthauza ndikati galimoto ndi yodalirika

Masiku ano achinyamata ambiri amabwera ndi foni kudzandionetsa mindandanda ya pa intaneti. Mindandandayo si yabodza, koma muyenera kudziwa chomwe imayeza. Ku America, a J.D. Power chaka chilichonse amafunsa eni galimoto zomwe zatha zaka zitatu pamsewu, n'kuwerengera mavuto pa galimoto 100 zilizonse. A Consumer Reports nawo amafunsa mamembala awo. Ku Germany kuli lipoti la TÜV, lomwe limachokera pa zomwe oyeza apeza pomwe galimoto zabwera kudzayezedwa monga lamulo limafunira. Pa mindandanda ya ku America ija, Toyota ndi Lexus zimapezeka kumtunda kawirikawiri, ndipo zimenezo sizinditsutsa pa zomwe ndaona ndi manja anga. Chovuta n'chakuti galimoto yomwe akuiyeza kumeneko ndi ya zaka zochepa, yoyenda pa phula losalala, yothiridwa mafuta oyera, ndipo madandaulo ambiri amakhala a wailesi, sikirini ndi kulumikiza foni. Probox ndi Sienta sizigulitsidwa n'komwe ku America. Galimoto ikamafika kwathu kuno kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe, kapena ku Beira, imakhala itatha kale zaka khumi kapena kuposa, ndipo moyo wake wachiwiri ndi wosiyana kotheratu ndi woyamba uja.

Choncho kwa munthu wa bizinesi ngati mayiwa, ine ndimayeza zinthu zitatu. Masiku angati galimoto yagona osagwira ntchito. Ndalama zingati zalowa m'kukonza, kupatula sevisi ya nthawi zonse. Ndipo chachitatu, chomwe ambiri amachidumpha: vuto lililonse lidachokera kuti? Pali vuto lochokera m'kapangidwe ka galimoto, pali lochokera kumsewu, pali la dalaivala, ndipo pali la ife amakaniko. Mukawasakaniza onsewa m'thumba limodzi n'kulemba dzina la kampani pamwamba, ndiye kuti simunayeze kanthu.

Galimoto zitatuzo

Probox yawo inali ya mtundu woyamba, uja adayamba kuupanga mu 2002, ya injini ya 1NZ-FE ya malita 1.5 ndi giyabokosi ya otomatiki ya magiya anayi. Ku Japan iyi ndi galimoto ya ntchito, yoyendera ogulitsa malonda ndi okonza zinthu, ndipo adaipanga kuti izinyamula katundu wofika makilogalamu 400. Mkati mwake mulibe chokongola chilichonse. Kwa mayiwa inkayenda njira ya ku Mitundu, ndipo masiku a msika inkalowa m'misewu yafumbi ya kumidzi.

Sienta nayo inali ya mtundu woyamba, womwe udatuluka mu 2003. Injini yake ndi yomweyo ya 1NZ-FE, koma giyabokosi ndi CVT, mtundu wina wa otomatiki womwe ndiufotokoze kutsogoloku, ndipo ili ndi mipando isanu ndi iwiri ndi zitseko zotsetsereka. Iyi adaipangira banja la m'tauni lokhala ndi ana, yotsika kuti agogo akwere mosavuta. Inkayenda Lilongwe ndi Dedza pa M1.

Note inali ya mtundu wa E11, womwe udayamba mu 2005, ya injini ya HR15DE, nayonso ya malita 1.5, ndi CVT. Malemu adaigulira hayala ya m'tauni: kutenga anthu ku ofesi, ku chipatala, ku bwalo la ndege. Koma atayamba kudwala ndalama zikufunika zambiri, adaisamutsira pa msewu wa ku Salima kuti izinyamula anthu tsiku ndi tsiku. Mfundo imeneyi mayiwa adaitchula mongodutsa, koma pambuyo pake idakhala yofunika kwambiri.

Ndidayamba ndi injini, poti anthu akamakangana za mitundu ya galimoto amathamangira kumeneko. Note tidaikoka n'kubwera nayo, ndipo zonse zitatu ndidaziyeza kompuresheni, ndidaona mapulagi, ndidatsegula pothirira oyilo kuona ngati muli matope. Injini zonse zinali ndi moyo. Zonsezi zimayendera tcheni osati lamba, ndipo palibe yomwe tcheni chake chinkalira. Ya Note, yomwe amati ndi yachabe ija, inkalira bwino kuposa ya Sienta. Nkhani sidali pa injini.

Chomwe chidagonetsa Note

Dalaivala wa Note anali mnyamata waulemu, wa zaka zosakwana makumi atatu. Nditamufunsa, adangoti, "Madala, idangoyamba kunjenjemera yokha, kenako basi osayenda." Sindidamukakamize. Tidaikweza galimoto, ndidamasula boti ya pansi pa giyabokosi, ndipo oyilo atangoyamba kutsika m'beseni ndidadziwa theka la nkhani. Oyilo wa CVT wa Nissan wa galimoto za nthawi imeneyo, wotchedwa NS-2, akakhala watsopano amaoneka wobiriwira pang'ono, ndipo akakalamba amada. Uyu anali wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo pa chala ankasiya kufiira. Fungo lake linali la chinthu chopserera. Titatsitsa pani, chivundikiro cha kunsi kwa giyabokosi, maginito omwe amakhala pansi pake anali atamera ubweya wa chitsulo, ndipo pakati pa ubweyawo panali tizidutswa tonyezimira tomwe ndinkatimva kulasa ndikatipukuta pakati pa zala. Phulusa losalala pa maginito ndi la masiku onse, silidetsa nkhawa. Tizidutswa tolasa timatanthauza kuti chitsulo chadya chinzake.

Ndifotokoze pang'ono, chifukwa apa ndi pomwe eni galimoto ambiri akutaya ndalama. Giyabokosi ya CVT ilibe magiya osinthana monga momwe tidazolowerera. Muli mapule awiri, iliyonse yopangidwa ndi mbale ziwiri zosongoka zomwe zimayandikirana kapena kutalikirana, ndipo pakati pake pamadutsa lamba wachitsulo wopangidwa ndi tizitsulo tambirimbiri tolumikizana. Mphamvu yonse ya injini imadutsa pomwe lambayo wakhudza mapule. Oyilo wa m'menemo ali ndi ntchito ziwiri zomwe zimaoneka ngati zotsutsana: kufewetsa ndi kuziziritsa, komanso kulola chitsulo kugwira chitsulo osaterereka. Oyilo wofiira wa otomatiki wamba adamupangira ntchito ina. Mukamuthira mu CVT, galimoto imadzuka n'kuyenda ndithu, dalaivala n'kuthokoza, koma lamba amayamba kuterereka pang'onopang'ono ndi kukanda mapule. Kukandikako kukayamba sikubwerera.

Usiku womwewo ndidakhuthula jumbo ya malisiti patebulo kunyumba. Pakati pa mapepala a mafuta ndidapeza kalisiti kolemba pamanja, kopanda chidindo, ka mwezi wa October chaka chapitacho: ATF, yemwe ndi oyilo wofiira wa otomatiki wamba, malita anayi, ndi ndalama ya ntchito. M'mawa mwake ndidamuonetsa mnyamata uja, ndipo adagwetsa nkhope n'kufotokoza zonse.

Tsikulo ankachokera ku Salima masana, dzuwa la October lili pamutu, atanyamula anthu asanu ndi mmodzi ndi madengu a nsomba. Aliyense woyenda msewu umenewo amadziwa kuti kuchoka kunyanja kubwera ku Lilongwe mumakwera mamita pafupifupi 500, ndipo zitunda zake zimabwera motsatizana. Pa chitunda china galimoto idayamba kulira ngati mluzu, kenako mphamvu idatha, akaponda sikuyankha. Zimenezo nthawi zambiri si kufa kwa giyabokosi. Oyilo akatentha kupitirira muyeso, kompyuta ya galimoto imachepetsa mphamvu dala pofuna kuteteza zam'kati, ndipo mukaima kanthawi n'kuzizira imayambanso kuyenda. Iye sankadziwa. Adakwawa nayo mpaka pa malo ena ogulitsira malonda, makaniko wa pamenepo adati oyilo watha mphamvu, adamukhuthula n'kuthira wofiira yemwe anali naye. Popeza galimoto inali itazizira pa nthawi yomwe ankagwira ntchitoyo, idanyamuka bwinobwino, ndipo onse awiri adakhulupirira kuti mankhwala agwira. Mnyamatayo sadanene kunyumba chifukwa bwana wake anali m'chipatala, ndipo sankafuna kuwonjezera nkhawa. Idayenda masabata angapo, idayamba kunjenjemera ponyamuka, mpaka tsiku lina idakana.

Sindikumunyoza makaniko mnzangayo. Ambiri a ife tidaphunzira ntchito pa giya ya manja ndi otomatiki yakale, ndipo CVT idatipeza tili kale pantchito popanda wotiphunzitsa. Koma zimandiwawa kuona giyabokosi yomwe ikadakhala zaka zina zambiri ikufa chifukwa cha botolo lolakwika. Ndipo m'malisiti onse aja mudalibe ngakhale kamodzi posonyeza kuti oyilo wa CVT ya Note adasinthidwapo ndi woyenera chiilowere m'dziko muno. Pali chikhulupiriro chomwe chafala chakuti oyilo ameneyu sasinthidwa mpaka galimoto itatha. Pa misewu yathu, ndi kutentha kwathu ndi katundu wathu, chimenechi ndi chiphe.

Apa ndi pomwe kufananitsa kudayamba kukoma. Sienta nayo ili ndi CVT, yogwira ntchito mofanana, ndipo inkanyamula katundu woposa wa Note. Idapulumuka bwanji? Kope lidayankha: malemu ankaibweretsa kwa ine, ndipo ndinali nditaisintha oyilo kawiri, ndi wa mtundu wa TC womwe Toyota imafuna pa galimoto imeneyo. Msewu wa ku Dedza nawo, ngakhale uli ndi zitunda, ndi wozizira poyerekeza ndi wa kunyanja. Ndikunena mosabisa kuti pa zaka zomwe ndagwira ntchito, CVT za galimoto zing'onozing'ono, za kampani iliyonse, sizipirira nkhanza monga otomatiki yakale ya magiya anayi. Koma pa galimoto ziwiri izi, chomwe chidasiyanitsa yamoyo ndi yakufa chinali oyilo ndi njira, osati chizindikiro cha pa boneti.

Sienta, mwana wokondedwa

Mayiwa ankaikonda Sienta. Ankati ndi yomwe imabweretsa ndalama madzulo aliwonse, ndipo idali isanawagonerepo kunjira. Zonsezo zinali zoona. Koma nditalemba masiku ake pa pepala limodzi, mwezi ndi mwezi, chithunzi chidasintha. Panalibe mwezi womwe sidapite kwa makaniko, kwa ine kapena kwina. Tsiku limodzi apa, masiku awiri apo: mashoko a kumbuyo, mabushi, beringi ya tayala, labala yong'ambika yokutira jointi ya shafiti ya tayala, karola ka chitseko chotsetsereka, matayala akumbuyo odyeka asanafike nthawi yake, mashoko a kumbuyo kachiwiri. Nditaphatikiza za chaka chathunthu, masiku omwe Sienta idagona adaposa a Note, kuwerengera ndi mwezi womwe Note idakhala kuseri kwa nyumba. Ndalama zake zophatikiza zidayandikira mtengo wa giyabokosi yogwiritsidwapo kale ntchito. Palibe adaziona chifukwa zinkachoka pang'onopang'ono, dalaivala akuchotsa pa ndalama ya tsiku n'kubweretsa lisiti. Vuto limodzi lalikulu banja lonse limalikumbukira, pomwe timavuto tambirimbiri ting'onoting'ono timalowa m'jumbo n'kuiwalika.

Pafupifupi zinthu zonse zomwe zinkawonongeka zinali za kunsi, ndipo zambiri za kumbuyo. Ndidaganiza zoona ndekha. Dalaivala wa Sienta ankandidziwa, choncho ndidatuma mnyamata wanga wophunzira ntchito kuti akakwere ngati pasinjala kuchokera ku Dedza, ine ndikutsatira patali pa galimoto yanga. Ponyamuka munali anthu khumi kupatula dalaivala. Awiri adakhala pa mpando wakutsogolo, wina adapanikizana ndi dalaivala pa mpando wake. Kumbuyo adamangirira matumba awiri a kachewere, chitseko chili chotsegula, chomangidwa ndi chingwe. Kuchokera pomwe ndinali ndinkaona tayala lakumbuyo litalowa m'kati mwa bodi, ndipo pa hampu iliyonse, dalaivala ngakhale adutse chopingasa mosamala bwanji, kunsi kunkakhula. Pofika ku Nathenje mnyamata wanga adanditumizira uthenga kuti akumva chitsulo chikugunda pansi pa mpando wake nthawi iliyonse tayala likalowa m'dzenje. Kumeneko kunali kutha kwa masipuling'i, galimoto itakhala pa malabala omalizira.

Nditaikweza mawa lake ndidapeza zomwe ndinkayembekezera. Shoko imodzi inali yonyowa ndi oyilo, ngakhale idali isanathe miyezi inayi. Sampu, chosungira oyilo cha pansi pa injini, inali ndi malo opindikira m'kati, osabooka, koma otsala pang'ono. Ekizozi inali itawotchereredwa kawiri.

Dalaivalayu ndi bambo wamkulu, wa banja, ndipo nditamufunsa sadakane. Adati, "Achimwene, tageti yomwe ndidapatsidwa ndi ya nthawi ija mafuta anali otsika. Ndikanyamula asanu ndi mmodzi okha, ndikapereka tageti ndi mafuta, ine ndipita ndi chiyani kunyumba?" Funso limeneli ndilibe nalo yankho la makaniko. Koma likusonyeza kuti mashoko a Sienta ankathyoledwa ndi mgwirizano wa pakati pa mwini ndi dalaivala. Galimoto yomwe adaipangira banja la anthu asanu ndi awiri, ena mwa iwo ana, inkasenza anthu akuluakulu khumi ndi mmodzi ndi kachewere, ulendo uliwonse. Ndipo pambali pa ndalama, ndidawauza mayiwa poyera kuti galimoto yodzaza chotero siima msanga pa buleki, ndipo tsiku lina nkhani yake sidzakhala ya mashoko.

Ndiyenera kuvomerezanso mbali yanga. Mashoko ena omwe adafa msanga ndidaika ndine. Anali otchipa, omwe dalaivala adabwera nawo yekha kuchokera ku mashopu a m'tauni, ndipo ndidaika osafunsa chifukwa chomwe oyambawo adathera. Kufunsako kukadayenera kuchitika chaka chimodzi m'mbuyomo.

Probox

Ya Probox ndi yaifupi. M'chaka chonsecho idagona kanayi, ndipo palibe ulendo womwe idadutsa masiku awiri. Kawiri linali vuto la pampu ya mafuta ndi fyuluta yake, ndipo maulendo onse awiri adagwa m'nthawi zomwe mafuta ankasowa, dalaivala akugula a m'zigubu kwa mavenda. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Mukawonjezapo chigubu chomwe chakhala padzuwa ndi pamvula, ndi zina zomwe anthu osaona mtima amathiramo, pampu ndiyo imalipira. Zinazo zinali ball joint ndi mabuleki, zomwe pa msewu wafumbi ndi chakudya cha masiku onse. Ndidapezanso kuti wina adachotsamo thermostat, kachipangizo kowongolera kutentha kwa injini, ndipo mu redieta munali madzi a pa mjigo okhaokha, atayamba kale dzimbiri. Chizolowezi chochotsa thermostat chimapangitsa injini kuyenda yozizira, kumwa mafuta ambiri ndi kudyeka msanga, ndipo ndidabwezeretsa tsiku lomwelo.

Chodabwitsa chidachokera m'mapepala. Galimoto iliyonse yochoka ku Japan imakhala ndi satifiketi yoitulutsira kunja, ndipo pamenepo amalembapo makilomita omwe idawerenga pomwe idapita kukayezedwa komaliza. Kuyezako amakutcha shaken: galimoto ya banja imayezedwa ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, pomwe ya katundu ngati Probox ikadutsa zaka ziwiri zoyamba imayezedwa chaka ndi chaka. Nambala ya pa satifiketi ya Probox iyi inali yaikulu kuposa yomwe malemu adalemba m'kope tsiku lomwe adailandira. Penapake pakati pa Japan ndi Lilongwe wina adabweza wotchi yowerengera makilomita. Kutanthauza kuti galimoto yomwe idavuta pang'ono kuposa zonse ndi yomwe idayenda mtunda wautali kuposa zonse, pa msewu woipa kuposa yonse. Apa ndiye kapangidwe kakuonekadi: kunsi kolimba kopangidwira katundu, giyabokosi yosavuta, zamagetsi zochepa zoti n'kufa. Probox za kuyambira 2014 adazisinthira ku CVT, choncho wogula asamangoti Probox ndi Probox, afunse kuti ya chaka chanji.

Za masipeya

Pali mbali ina ya kudalirika yomwe siili m'galimoto, ili m'mashopu. Injini ya 1NZ-FE idalowa m'galimoto zambiri zomwe zadzaza m'misewu yathu: Corolla, Fielder, Vitz, ist, Raum, Allion, Premio, Probox, Sienta. Koyilo kapena sensa ikafa m'mawa, ndimatuma mwana ndipo isanakwane nthawi ya nkhomaliro amakhala atabwera nayo, yatsopano kapena yophwasula. Za Note zimapezeka, poti Tiida ndi AD van zina zili ndi injini yomweyo, koma giyabokosi yabwino muyenera kuisaka, ndipo nthawi zina kudikira kontena. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, pamwamba pa 25 peresenti ya mu May 2022, ogulitsa ambiri adayamba kuitanitsa zokhazo zomwe zimatuluka msanga. Galimoto ziwiri zikhoza kukhala ndi vuto lofanana, ina n'kugona tsiku limodzi, inzake masabata atatu. Kwa mwini wake, imeneyo ndi mbali ya kudalirika ndithu, ndipo pa mbali imeneyi alamu aja sadalakwitse.

Zomwe ndidawalangiza, ndi zomwe adasankha

Atabweranso ndidawayalira mapepala atatu pa boneti, ndi kabotolo ka oyilo wa mu Note kuti adzionere okha. Ndidati Probox isakhudzidwe, ndiyo msana wa bizinesi. Note asaigulitse ili chigonere, chifukwa ogula adzawapatsa mtengo wa zitsulo pomwe injini ndi bodi zili bwino. Aikemo giyabokosi ina kaye. Pakati pa Sienta ndi Note, ine ndidapendekera kosunga Sienta, chifukwa cha masipeya ndi mipando yake, pokhapokha atatsitsa tageti ndi kuletsa kudzaza. Note ikakonzedwa aigulitse ikuyenda, n'kumuuza wogula zoona za giyabokosiyo.

Adakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana pepala la Sienta. Kenako adati, "Bambo, mwanena zoona, koma ine sindingakhale pa siteji ku Dedza kuwerenga anthu. Malemu ankatha kudzidzimutsa dalaivala panjira, ine sindingathe. Ndikatsitsa tageti adzadzazabe, yotsalayo n'kulowa m'thumba mwake. Ndipo ikadzagwa ndi anthu khumi, dzina lidzatchulidwe ndi langa." Adaonjeza kuti Sienta ndi yomwe ingagulidwe msanga pa mtengo wabwino, poti aliyense akuifuna, ndipo ndalama yake ikwanira kukonza Note, kukonza kunsi kwa Probox, n'kutsalako ya fizi. Note ibwerere ku ntchito yomwe malemu adaigulira, ya m'tauni, ndipo aziyendetsa mwana wawo wamkulu yemwe amagona m'nyumba momwemo.

Mfundo imeneyi sidali pa mapepala anga. Ine ndidayeza galimoto, msewu, dalaivala ndi shopu, koma sindidayeze kuti mwini wake angathe kuyang'anira chiyani. Ndidawauza nkhawa yanga imodzi, yakuti giyabokosi yophwasula palibe amadziwa mbiri yake, ndipo ikhoza kukhala zaka kapena miyezi. Adati amva, ndipo asankha chomwecho.

Tidasaka masabata awiri ndi theka tisanapeze giyabokosi yomwe ndidakhutira nayo. Ziwiri zoyamba ndidazikana nditatsitsa pani pamaso pa wogulitsa. Yachitatu maginito ake anali ndi phulusa losalala lokha. Tisanaimange tidatsuka choziziritsira oyilo wa giyabokosi ndi mapaipi ake onse kuti tizitsulo ta yakale ija tisalowe mu yatsopano, tidathira oyilo wa mtundu wa NS-2, ndipo pa chivundikiro cha fyuluta ya mpweya ndidalemba ndi penti yoyera kuti oyilo wofiira asathiridwe. Mwana wawo wamkulu uja ndidamutenga pa chitunda n'kumuonetsa kaponderedwe, ndi kumuuza kuti ikadzayamba kulira mluzu n'kutha mphamvu, aime pambali, adikire, andiimbire. Sienta tidaiika mashoko ndi masipuling'i abwino isanagulitsidwe, ndipo wogula adauzidwa za sampu. Dalaivala wake adapita nayo limodzi kwa bwana watsopano.

Patatha miyezi isanu ndi umodzi Note idabwera kudzaonedwa monga tidapanganirana. Ndidatsitsanso pani ngakhale nthawi yake inali isanakwane, chifukwa mtima sunkandikhazikika. Oyilo anali atada pang'ono, wopanda fungo, ndipo pa maginito panalibe cholasa. Ponyamuka m'mawa ikadali yozizira imazengereza pang'ono, ndipo chimenecho ndikuchiyang'anira. Probox idabwera sabata yotsatira ndi ball joint ina ya kumanzere, itadutsa nyengo yonse yokolola m'misewu ya ku Mitundu. Mayiwa adabwera nayo okha, ali ndi kope latsopano momwe tsamba lililonse adaligawa patatu: tsiku, ndalama, ndi chomwe chachititsa. Pa mzere wa ball joint adandipatsa cholembera kuti gawo lachitatulo ndilembe ndine, ndipo ndidalemba kuti msewu.